Tsiku Limene Anatigulitsa Kawiri

Ine ndagulitsidwapo kambirimbiri mumzinda wa Lilongwe muno, ndipo palibe amene anayamba wandifunsa ngati ndili pamalonda. Aliyense wokwera minibasi akudziwa chimene ndikunena. Mumakwera ku Nsungwi kondakitala akulumbira pali mayi ake kuti galimotoyo ikukafika m'tauni. Mumakhala pansi, mumalipira. Kufika pa Kanengo, dalaivala waona kuti tsidya lina la msewu anthu obwerera kwathu ku Area 25 achuluka, basi mtima wasintha. Amakaima kumbuyo kwa minibasi ina, kondakitala amatsika, amanong'onezana ndi mnzake, amapatsirana kanthu m'manja, kenako amatsegula chitseko n'kunena kuti, "Makasitomala, tiyeni tilowe iyo." Kumeneko ndiye kugulitsa. Mawuwa sindinapeke ine ayi, ndi awo omwe, ndipo amawatchula pamaso pathu opanda ndi manyazi omwe: "Aise, ndikugulitse asanu awa?" Ngati akunena nkhuku.

Ife okwerafe timatsika, timanyamula timatumba tathu, wina n'kuseka kuti, "Atigulitsatu." Inenso kale ndinkaseka nawo. Ndinasiya, ndipo ndikamva munthu akuseka choncho ndimafuna nditamugwira pakhosi.

Mkazi wanga ndi mwana wa Asilamu a ku Mangochi amene anakhazikika ku Area 23 kalekale. Bambo ake anali telala, anamwalira ine ndisanalowe m'banjamo. Ine kwathu ndi ku Rumphi, mwana wa mkulu wa mpingo, wokulira m'kwaya. Titafuna kukwatirana kunabuka phokoso mbali zonse ziwiri, ndipo amene analizimitsa anali apongozi anga aakazi, mayi wamfupi wogulitsa usipa pamsika, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Anawauza abale awo kuti, "Mwanayu akadya, akavala, osamenyedwa, zotsalazo akaweruza ndi Mulungu." Mkazi wanga sanasiye chipembedzo chake, inenso changa, ndipo takhala choncho mpaka lero m'nyumba ya lendi ku Nsungwi.

Apongoziwo anali ndi ana aamuna anayi, wamkazi mmodzi yekha. Kwa Asilamu thupi la munthu wamkazi amalisambitsa ndi akazi okhaokha, kenako amalikulunga m'sanda, nsalu yoyera ija, ndipo akangophimba nkhope ndiye kuti zatha, palibe adzaionenso. Choncho mayiwo anali ndi pempho limodzi, ndipo ankalibwereza nthawi iliyonse tikapita kukawaona, ngakhale ali bwinobwino akusankha usipa pa lichero. Ankamuuza mwana wawo kuti, "Ukadzamva kuti ndapita, kulira udzalire pambuyo. Udzayambe wabwera kudzandisambitsa. Ine ndakusambitsa zaka zingati? Kamodzi kokha sungandibwezere?" Mkazi wanga ankaseka n'kuwayankha kuti asiye kulosera zoipa. Koma ankalonjeza.

Foni inalira Loweruka m'mawa, naini koloko itangodutsa. Anali mlamu wanga wamkulu. Mayi anali atagwa pokonzekera kupita kumsika, ndipo pamene ankathamangira nawo kuchipatala n'kuti atatsirizika kale. Mkazi wanga anakhala pansi pakhitchini, foniyo anandipatsa ine. Mlamu anayankhula mwachidule. "Alamu, tiika lero ikangotha swala ya masana kumzikiti. Azimayi akudikira mchemwali wangayo kuti asambitse. Nyamukani pompano."

Ndinayankha kuti tikubwera. Ndipo apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa mkwiyo wanga sungakhale wa makondakitala okha. Mawu akuti "lero" ndinawamva ndi makutu a kwathu. Kwathu maliro sathamanga. Thupi limagona ku mochale, timadikira wa ku Mzuzu, timadikira wa ku Joni, makwaya amasinthana masiku awiri, akuluakulu amakangana za bokosi. Munthu akati tiika lero, timadziwa kuti ndi chisoni chikuyankhula, akuluakulu akakhala pansi zisintha. Ndinali nditapitapo kumaliro a Asilamu, inde, koma nthawi zonse ngati mlendo wongofika kudzapepesa zonse zitatha. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti n'chifukwa chiyani ndimapeza zitatha.

Ndiye ndinayamba kuchita zimene mkamwini wamakhalidwe amachita. Ndinati sitingakafike pamaliro a apongozi chimanjamanja. Ndinapita kukagula shuga, ndinatapira ufa m'thumba, ndinapinda mabulangete awiri oti tikafunde pa siwa. Ndinakagogoda kwa aneba kuti ationere ana. Ndinaimbira akulu a mpingo a dera lathu kuwadziwitsa za zovutazo, iwonso anayamba kundipempherera pafoni pomwepo, pemphero la Chipresibateria losadziwa kufupika. Ndinasamba. Ndinasita malaya. Mkazi wanga nthawi yonseyi anali ataima pakhomo, mpango kumutu, chitenje m'chiuno, kachikwama m'manja.

"Bambo, tiyeni," anatero.

"Tikupita, mayi. Kuthamanga sikufika."

Mwambi umenewo ndinaunena ndi pakamwa panga pano. Sindinautchulenso chiyambire tsiku limenelo.

Tinafika pasiteji hafu teni itadutsa. Akabaza a njinga zamoto anatizungulira, ndipo mkazi wanga anati tikwere zimenezo. Ndinakana. Ndinati mayi woferedwa sangakwere njinga ulendo wonse wa ku 23, nanga thumba la ufali tiliika pati? Komanso minibasi inali pomwepo, injini ikulira, anthu ali m'mipando, woitanira akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Tauni! Tauni! Atsala awiri! Madala, ndinu omwe timadikira, lowani tizipita!"

Ndinasuzumira. Inalidi yodzaza. Tinalowa, thumba analilowetsa pansi pa mpando, tinapanikizana folo-folo, anthu anayi pampando wa anthu atatu. Dalaivala anaponda mafuta, galimoto inasuntha pang'ono, inaima. Mwamuna amene anakhala kutsogolo kwathu anatsika ngati wakumbukira kanthu. Patapita kanthawi anatsikanso wina. Kunabwera mayi wa dengu la tomato, analowa, n'kutsika wachitatu. Apo mpamene ndinazindikira kuti takwera minibasi ya nyambo. Theka la anthu amene ndinawaona aja sanali paulendo, anali ongokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza, wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo amatuluka n'kukakhalanso mu ina. Ndakhala mumzinda muno zaka zambiri, chinyengo chimenechi ndimachidziwa bwino lomwe, koma tsiku limenelo ndinameza mbedza ndi nyambo yomwe.

Ndinamuitana kondakitala. Anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, osati mwana woti n'kumukhululukira.

"Akulu, tili ndi maliro. Tikunyamuka nthawi yanji?"

"Pompano, madala. Relakisi. Watsala mmodzi."

"Mwakhala mukunena watsala mmodzi chilowereni ife."

"Ndiye mukufuna tiyende empute? Mafuta mugula ndinu?"

Ndinati titsike. Iye anati ndalama walipira kale woitanira, sangabweze, komanso thumba lathu linali litapsinjidwa ndi katundu wa anthu ena. Dalaivala anapondanso mafuta, galimoto inasuntha, ndinakhala pansi poganiza kuti tsopano ndi zenizeni. Inangozungulira msika n'kubwerera pamalo pomwe paja. Tinachoka ku Nsungwi leveni itapitirira kale.

Foni ya mkazi wanga inalira tili m'njira. Anali azakhali ake, achemwali a malemu bambo ake, amene ankatsogolera azimayi osambitsa. Mawu awo ankamveka mpaka kwa ine. "Mwana iwe uli pati? Madzi tatenthetsa kale."

"Tikubwera, azakhali. Tili m'galimoto."

Tinafika pa Kanengo. Ndinaona dalaivala akutembenuza khosi kuyang'ana tsidya lina, kumene kunali chikhamu cha anthu ochokera kumafakitale akudikira zobwerera ku 25. Anakhota n'kuima kumbuyo kwa minibasi yoyera yopanda galasi lakumbuyo, pamalo pake atamatapo pulasitiki. Kondakitala wa imvi uja anatsika. Ndinamva ndi makutu anga. "Aise, ndili ndi naini a m'tauni. Utenga?"

Ndinakuwa. Ndinamuuza kuti analumbira kuti galimotoyi ndi ya m'tauni, kuti mayi uyu mayi ake amwalira m'mawa womwe uno ndipo akumudikira. Anandiyang'ana ngati ndamuuza mtengo wa chimanga wa chaka chatha.

"Pepani madala, zovuta zimenezo. Koma iyo ikunyamuka pompano, ndi yachangu kuposa ino."

Okwera anzathu anali atayamba kale kutsika, ofatsa, mitu pansi. Mmodzi anandigwira paphewa n'kuti, "Bambo, musalimbane nawo awa, mungodzipweteka mutu." Kufatsa kumeneku ndi kumene kwatipha ife anthu a mumzinda uno. Tikanakhala m'mipandomo tonse naini osasuntha, akanatani? Koma ndinatsala ndekha ndikubwebweta, mkazi wanga atatsika kale, ndipo ndinakoka thumba langa la ufa n'kumutsatira.

Minibasi yachiwiriyo inali ndi anthu atatu. Kuphatikiza ife sinadzaze, ndipo dalaivala wake anali atatsika akudya chimanga chootcha. Tinayambanso kudikira.

Apo mpamene mlamu anaimba pafoni yanga. "Alamu, mwafika pati? Ngati muli kutali nenani, pali mnzanga ali ndi galimoto m'tauni, akhoza kukuchingamirani."

Mukudziwa mmene timayankhira mafoni ife a ku Lilongwe. Munthu ali m'bafa amati ali m'njira, ali pasiteji amati wafika pa raundabauti. Ndi bodza limene timanamizana tsiku ndi tsiku mpaka linasiya kuoneka ngati bodza. Ndinachita manyazi kuti mlamu adziwe kuti maola awiri atha ife tikadali pa Kanengo. Pakamwa panangoyankha pokha. "Ayi alamu, musavutike. Tadutsa kale pa Area 18, tili pafupi."

Mkazi wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Akanandilalatira pagulu pomwepo bwenzi zili bwino.

Misewu ya mumzinda muno anaikuza zaka zapitazi, ndipo ndi yokongoladi, wina usiku akhoza kuyesa wafika kunja. Koma msewu waukulu umathandiza amene ali ndi choyendetsa pamsewupo. Ife a ku Nsungwi, a ku Mgona, a ku Chinsapo, a ku Mtandire, amene timasesa maofesi amenewo, kulondera mageti ndi kugulitsa m'mashopu, timaimabe m'mbali mwa phula latsopanolo ndi fumbi kumaso, kudikira chifundo cha munthu amene akudya chimanga. Ndikudziwa zimene makondakitala amanena, kuti mwini galimoto amafuna zake madzulo, kuti mafuta akwera, kuti apolisi a pamsewu nawonso ali ndi pakamwa. Ndi zoona, nawonso akufinyidwa. Koma wofinyidwayo amafinya ine, ndipo pansi pa ine palibenso wina.

Tsiku lina kunabwera anthu a mataye pasukulu ina kwathu kuno, akuti akufuna kumva maganizo athu pa za kayendedwe ka mumzinda. Anafika mochedwa, aliyense m'galimoto yakeyake. Anationetsa zithunzi za mabasi aatali a m'mayiko ena, anatigawira zakumwa. Nditapatsidwa mpata ndinati ine sindikufuna basi ya pachithunzi. Ndikufuna basi imene imanyamuka nthawi ikakwana, kaya yadzaza kaya sinadzaze, ndipo ikalemba kuti Area 23 pamphumi ikafike ku Area 23. Ndikufuna pakhale munthu woti ndikamudandaulire akanditsitsa panjira. Akuluakulu amati kale zoterezi zinaliko mumzinda momwe muno, ndiye sitikupempha zakumwamba. Mmodzi wa iwo analemba m'kabuku, anati ndi mfundo yabwino kwambiri, bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anthu amenewo m'mimba mwawo muli zii. Sanabwerenso.

Tinachoka pa Kanengo minibasi ija itadzaza. Dalaivala ankaima paliponse pamene waona munthu wayimirira, ngakhale wongodikira kuwoloka msewu, kondakitala mutu uli pawindo akuimba mluzu. Pafupi ndi tauni anapatukira pa filing'i kukathira mafuta, ndipo panali mzere. Azakhali anaimbanso. "Madzi azizira, tatenthetsanso kachiwiri. Paja mwati muli pafupi?" Mkazi wanga anangoti, "Eya, azakhali." Bodza langa lija tsopano ankalisenza ndi iye.

M'tauni anatitsitsa tisanawoloke mlatho, akuti kutsidya kuli jamu ya magalimoto. Tinayenda wapansi kupita ku depoti, mkazi wanga patsogolo akupatukira mavenda, ine pambuyo thumba la ufa pamutu, mabulangete m'khwapa, malaya osita aja atanyowa ndi thukuta. Thwelofu inali itadutsa. Ndinamuuza kuti tsopano tikwere kabaza, ufawu ndiusiya pomwe pano. Koma oitanira anali atatigwira kale manja, wina wakwatula thumba pamutu panga n'kuthamanga nalo, ndipo munthu umatsatira katundu wako. Minibasi imene anatilowetsa inali yodzaza zenizeni, inanyamuka tisanakhazikike n'komwe. Ndinafunsa kawiri konse. "Iyi ikufika ku 23?"

"Dayirekiti, bwana. Mpaka kumapeto."

Ndinapuma. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti mwina tipeza asanamange sanda, mwina azakhali aumirira. Ndinagwira dzanja la mkazi wanga, iye sanalichotse, koma silinandigwire.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Pa Kawale anthu ambiri anatsika, tinatsala asanu. Ndinaona kondakitala ndi dalaivala akuyang'anana pagalasi. Sindinadikire kuti ayankhule. Ndinati, "Mukayerekeza kutigulitsa pano, ndikuphwanyirani galasi ili." Ndine munthu wa mpingo, sindinamenyepo munthu chikwatirireni, koma ndinali nditakunga chibakera. Kondakitalayo anaseka.

"Phwanyani bwana, mulipira. Anthu faifi sitingapite nawo ku 23, mafuta ake ati? Iyo apo ikupita konko."

Pamenepo mkazi wanga anawayankhula anthu a minibasiwa, koyamba chichokereni ku Nsungwi. Sanakweze mawu. "Achimwene, mayi anga amwalira. Akundidikira ndikawasambitse. Ndikupemphani, tifikitseni."

Mayi wina wachikulire anati, "Ana inu, muopeni Mulungu." Dalaivala anayang'ana kutsogolo, anagwira chiwongolero, ndipo ndinayesa kuti wamva. Kenako anati, "Sore masteni, ifenso tili pantchito," n'kuzimitsa injini.

Tinatsika. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kabaza, panalibe ndi mmodzi yemwe, onse anali atatenga anthu amene anatsika poyamba aja. Tinalowa m'minibasi yachinayi. Tili momwemo ndinamva azana ya masana ikuchokera pamzikiti wapafupi, kuitanira anthu ku swala. Mkazi wanga anatseka maso. Foni inalira, anayang'ana dzina, anaigwira m'manja mpaka inasiya yokha. Inaliranso. Ulendo uno anayankha, anamvetsera, n'kunena kuti, "Chabwino, azakhali. Ndamva. Zikomo." Anaika foni m'kachikwama n'kutseka zipi bwinobwino.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa, ngati sindikudziwa.

"Ashehe ati sangadikirenso. Asambitsa."

Minibasiyo inadzaza pa nthawi yake, inanyamuka, inakwawa kudutsa ku Chilinde ikutola ndi kutsitsa. Sindinakuwenso. Panalibenso chokuwira.

Titayandikira ku 23, dalaivala anachepetsa liwiro, anapatukira m'mbali n'kuima. Anazimitsa wailesi. Anavula kapusi. Kutsogolo kunkabwera gulu la azibambo, ambiri atavala mikanjo ndi zisoti zoyera, akuyenda mwachangu, atasenza jeneza pamapewa, chonyamulira maliro chija, chophimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Ankalandirana akuyenda, wina akachoka wina walowa, akutchula dzina la Mulungu ndi mawu apansipansi. Ulemu woyamba umene tinauona kwa woyendetsa minibasi tsiku lonselo unali umenewo, ndipo unali wa munthu wakufa.

Kutsogolo kwa jenezalo, kudzanja lamanja, kunali mlamu wanga wamkulu.

Mkazi wanga anatsegula yekha chitseko. Anatsika, anayenda masitepe atatu, anagwada m'fumbi m'mbali mwa msewu. Sanathamangire jenezalo. Kwawo akazi sapita kumanda, amatsala pakhomo, ndipo iye ankadziwa malo ake ngakhale pa nthawi ngati imeneyo. Mayi ake anadutsa pafupi kwambiri moti akanatambasula dzanja akanakhudza nsaluyo. Apo mpamene analira, kulira kumene anauzidwa kuti adzalire pambuyo.

Ine ndinaima pambali pake ngati chitsa, thumba la ufa lili pamapazi anga, kondakitala atalitsitsa. Mlamu anationa. Anapereka malo ake kwa wina, anabwera, anayang'ana mchemwali wake, anayang'ana ine. Ndinkayembekezera kuti andifunsa za pa 18 paja. Sanafunse. Mkazi wanga anadzutsa mutu n'kundiuza kuti, "Pitani inu. Kawaperekezeni."

Mlamu anandigwira pamkono n'kundilowetsa m'gulumo. Munthu wina anasuntha, mtengo wa jeneza unatera paphewa langa. Ine, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Rumphi, amene ndinasita malaya mkazi wanga ataima pakhomo, amene ndinakana kabaza, amene ndinanama pafoni, ndine amene ndinapatsidwa mwayi wonyamula mayiwo. Mwana wawo, amene anali wokonzeka naini koloko isanathe, anatsala atagwada pamsewu. Mayiwo anali opepuka kwambiri. Ndinasenza masitepe ochepa, wina anandilandira, ndinabwereranso kachiwiri ndi kachitatu mpaka tinafika. Kumanda zonse zinatha msanga, popanda kwaya, popanda mbiri ya malemu, popanda woyimira boma. Ndinaponya dothi katatu monga ndinaonera anzanga.

Pobwerera kunyumba ya maliro ndinapeza azimayi atadzaza pabwalo. Thumba la ufa lija wina anali atalitola n'kulitsamiritsa pakhoma. Mkazi wanga sanali pakati pawo. Azakhali aja anandiona ndikuyang'anayang'ana, anandikodola. Maso awo anali ofiira. "Bambo, tinadikira," anatero. "Madzi tinatenthetsa katatu. Mukanatiuza zoona kuti muli kutali, bwenzi titatumiza galimoto." Analoza chipinda cha malemuwo n'kuti, "Ali umo. Watikaniza tonse kulowa. Mwina inu akumverani."

Ndinakankha chitseko. Bedi anali ataliimika kukhoma, pakati pa chipinda panali thabwa lalitali limene anagonekapo thupi, pambali beseni ndi kapu ya pulasitiki. Simenti inali isanaume. Mkazi wanga anali atagwada, wavula mpango wake wa kumutu, akupukutira madzi amene anatsala posambitsa mayi ake. Ankapukuta pang'onopang'ono, kufinyira m'beseni, n'kupukutanso.

"Mayi," ndinatero, "dzukani. Azimayi akolopa."

Sanatembenuke.

"Ndisiyeni, bambo. Ntchito yanga yatsala ndi imeneyi."

Ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi panja pake, ndipo ndinkamva madzi akudontha m'beseni.